Kukacheza ku Dedza mitengo ikamaphukira

Amayi ena a ku Zomba atilembera kuti akufuna kubwera ku Dedza ndi banja lawo pagalimoto yaing'ono nyengo ya mphukira. Akufunsa mwezi wabwino, ndiponso zomwe angaone m'masiku atatu.

Amayi, bwerani mu Seputembala, musadikire Okutobala. Nthawi imeneyi mitengo ya tsamba ndi mombo imakhala itavala masamba atsopano ofiira, misewu yafumbi ndi youma, ndipo kutentha sikunafike poipa. Okutobala akalowa, moto wa m'tchire umachuluka, utsi n'kuphimba zigwa zonse. Komabe majuzi musasiye. Tawuniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndiye usiku kumazizirabe. Pobwera imani pa Lizulu mugule kachewere, kabichi ndi tomato.

Tsiku loyamba likhale la phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198. Nyamukani dzuwa lisanatuluke, mutsate msewu wodutsa m'mapaini wopita kunsanja za wailesi. Poyenda modekha ndi maola awiri kapena atatu. Aliyense anyamule malita awiri a madzi, chifukwa timitsinje tambiri timakhala titaphwa. Ambiri amalakwitsa ponyamuka atadya kale chakudya cham'mawa mosafulumira: amafika pamwamba masana, n'kupeza kuti mapiri a ku Mozambique abisika mu utsi. Madzulo pitani ku Dedza Pottery ana akaone momwe makapu amaumbidwira ndi kuwotchedwa.

Tsiku lachiwiri musalipanikize ndi zambiri, lipatseni Chongoni. Kuno kuli malo 127 a zojambula zapamiyala, ndipo UNESCO inawaika m'gulu la malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama omwe ankakhala kuno kalekale. Zoyera ndi za makolo a Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi zilombo za Nyau. Chentcherere ndiye kosavuta kufika, pafupi ndi koleji ya zankhalango. Ku Mphunzi ndi ku Namzeze n'kotalikirapo, ndipo pamafunika wokulondolerani wa m'deralo, pakuti njira za m'midzi zimasokoneza. Tikupempheni chinthu chimodzi: musakhudze zojambulazi, ndipo musazithire madzi kuti ziwale pachithunzi. Madzi ndi thukuta la m'manja zimasungunula utoto, makamaka woyera uja wa dothi. Zimatiwawa kuona mayina a anthu atalembedwa ndi makala pamwamba pa ntchito ya makolo, ndiye anawo muwauziretu asanafike.

Tsiku lachitatu tsikirani ku Mua kudzera msewu wa Khwekhwelere wopita ku Golomoti. Ndi watala, koma wotsetsereka komanso wokhotakhota kwambiri. Woyendetsa aike giya yachiwiri, injini izithandiza kugwira galimoto. Akadalira mabuleki okha amatentha n'kusiya kugwira, ndipo akamva fungo lopserera aime pambali, azizire kaye. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ndipo KuNgoni, senta ya zachikhalidwe ndi zaluso yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ili ndi nyumba ya Chamare yosungira zigoba za Gule Wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Patulani maola awiri osachepera.

Kumusiko n'kotentha ndipo udzudzu ulipo, choncho mukagona muonetsetse kuti neti ilipo. Pobwerera musakwerenso phiri: tsatani M5 mpaka ku Balaka, kenako Liwonde, mufike kwanu kusanade.