Geocaching ku Cape Town: foni ikuti mwafika, kabokosi sikakuoneka

Mchemwali wina amene amagwira ntchito ku Cape Town watilembera imelo. Iye ndi anzake atatu akufuna kuthera Loweruka ndi Lamlungu akuchita geocaching, koma atayesera mwezi watha foni inkaonetsa kuti afika pamalopo, iwo osapeza kanthu. Akufunsa chimene chinalakwika, ndi mmene angakonzekere ulendo uno.

Kwa amene mukuwamva koyamba, awa ndi masewera ofunafuna timabokosi timene anthu ena anabisa, motsogozedwa ndi GPS. M'kabokosi kalikonse mumakhala pepala lolembapo dzina la amene wakapeza. Anayamba mu Meyi 2000, boma la America litasiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba, ndipo Dave Ulmer anabisa chidebe choyamba ku Oregon pa 3 Meyi. Lero timabokosi toterewa tapitirira 3 miliyoni padziko lonse.

Achemwali, foni yanu ilibe vuto. Munaikhulupirira mopitirira muyeso basi. Pamtetete GPS ya foni imaphonya ndi mamita 3 mpaka 10. Pakati pa nyumba zosanja, ngati za ku Foreshore, uthenga wa masetilaiti umayamba wagunda makoma ndi magalasi usanafike pafoni, ndiye kadontho koonetsa pamene muli pamapu kakhoza kudumpha mamita 20 kapena 30. Wobisayo nayenso foni yake inaphonya tsiku limene ankalemba manambala a malowo. Choncho foni yanu ikaonetsa kuti kwatsala mamita 10, ibwezereni m'thumba, maso ayambe ntchito. Kadontho kakamangoyendayenda, bwererani mamita 30 pamene thambo likuoneka bwino, muyandikirenso kuchokera mbali ina. Pamene njira ziwirizo zakumana, yambirani pamenepo.

Nanga mukufunafuna chiyani? Mumzinda musayembekezere bokosi lalikulu. Tambiri ndi ta micro, ngati kabotolo ka mapiritsi, ndipo tina totchedwa nano n'tochepa ngati nsonga ya chala chaching'ono, tili ndi maginito. Muzidzifunsa kuti, chitsulo chili pati pano? Pansi pa benchi, kuseri kwa chikwangwani, m'kati mwa mpanda wachitsulo. Bawuti yomwe sikugwira kalikonse, kapena yooneka yatsopano pakati pa zadzimbiri, igwedezeni pang'ono. Malamulo a masewerawa amaletsa kukwirira, ndiye musakumbe, musamasule chinthu ndi sipanala, ndipo mabokosi a magetsi asiyeni. M'maenje musapise dzanja musanaone, mumakhala magalasi osweka, nthawi zina majakisoni. Gwiritsani ntchito kagalasi kodziyang'anira ndi tochi.

Ulendo umakoma kapena kuipa Lachisanu madzulo, posankha. Kabokosi kalikonse kali ndi miyeso iwiri ya nyenyezi, yoyambira 1 mpaka 5: D ya kuvuta kokapeza, T ya kuvuta kwa malo. Poyamba sankhani ta mtundu wa Traditional, tomwe timapezeka pamalo enieni osonyezedwa pamapu, tosapitirira 2 mbali zonse, ndipo ndi tomwetonso pulogalamu ya Geocaching imaonetsa kwa osalipira. Kenako werengani zimene omaliza kukafunafuna analemba pa pulogalamuyo. Anthu atatu otsatizana akalemba DNF, kusonyeza kuti sanakapeze, kasiyeni, mwina kanabedwa kale. Tomwe tili ndi ma Favorite ambiri, kusonyeza kuti osewera anatikonda, tiikeni patsogolo. Jambulani pafoni hint (mawu okuthandizani kupeza amene wobisa analemba) ndi mapu a malo alionse kuti bandulo ikatha musasowe pogwira. Timabokosi 8 mpaka 10 patsiku n'tokwanira, ndipo pamalo amodzi musapitirire mphindi 15. Malamulo amafuna kuti timabokosi titalikirane mamita 161 kapena kuposa, ndiye pamapu timaoneka toyandikana, koma miyendo ndiyo imadziwa.

Loweruka tikulangiza pachidikha. Yang'anani mapu mozungulira Company's Garden m'mawa, masana mulowere ku Green Point Park n'kumatsata gombe mpaka ku Sea Point. Basi ya MyCiTi imafuna khadi la myconnect, simulipira ndalama m'basimo, ndiye aliyense akhale nalo. Lamlungu mukhoza kukwera Signal Hill kapena Lion's Head, koma lawirirani. Lion's Head ndi yotalika mamita 669 ndipo chakumtunda kuli matcheni ndi makwerero. Aliyense anyamule madzi lita imodzi ndi theka ndi juzi, poti mphepo ya kumeneko imasintha mosachenjeza. M'phiri musapatukane ngakhale pang'ono, ndipo mutsike kusanade. Anthu amalandidwa katundu m'njira zimenezi, makamaka oyenda okha.

Poti muli anayi, gawanani ntchito. Mmodzi agwire foni, awiri afufuze, wachinayi aziyang'ana anthu. Zimenezi zikuthandizani pawiri: foni yoonekera pamphambano imakopa akuba, komanso odutsa, amene osewera amawatcha ma muggle, akaona pobisika amabwera kudzachotsa kabokosiko inu mutachoka. Kukhala pabenchi ngati mukumanga nsapato kumathandiza kwambiri. Mlonda akakufunsani, musathawe kapena kunama. Muonetseni pulogalamuyo, ndipo akati chokani, chokani.

M'chikwama mukhale zolembera ziwiri, pensulo yolembera papepala lonyowa, power bank, ndi kapani kozulira nsidze. Kapaniko musakaiwale. Pepala la mu nano limapindidwa mothina kwambiri moti ndi zikhadabo limang'ambika. Mukakapeza, sunthani masitepe angapo, lembani tsiku ndi dzina limodzi lalifupi la gulu lonse kuti pepala lisadzaze msanga, kenako mukabwezere ndendende mmene munakapezera, chivindikiro chotseka bwino. Aliyense alembe yekha pa akaunti yake kuti wapeza, n'kutchula dzina la gululo.

M'timabokosi tokulirapo mumapezeka tinthu tosinthana. Mukatenga, siyani china chofanana nacho mtengo kapena choposa, koma osati chakudya, chimaitana nyerere ndi makoswe. Kachitsulo kokhala ndi nambala, kotchedwa Travel Bug, si mphatso: kali ndi mwini wake amene akutsatira ulendo wake, ndiye mukakatenga mulembe nambalayo pa pulogalamu n'kukasiya m'kabokosi kena pasanathe milungu iwiri. Ndipo pamene mwalephera, lembani DNF osachita manyazi. Mwini kabokosi amadziwira pamenepo kuti akufunika kupita kukaona ngati kadakalipo.