Kodi utsi wowambira nsomba ungabweretse matenda a shuga?

Mayi wina wa ku Malembo watilembera pa imelo. Akuti mayi ake akhala akuwamba utaka ndi kampango kwa zaka zambiri, sali onenepa, tiyi samwa kawirikawiri, koma kuchipatala awapeza ndi shuga. Akufunsa ngati utsi ungachite zimenezi, poti anthu amati utsi umathera m'chifuwa.

Zikomo mayi. Utsi umawonjezeradi chiopsezo cha shuga ya mtundu wachiwiri, imene kawirikawiri imagwira akuluakulu. Zakumtundu, msinkhu, kunenepa ndi zakudya zili ndi gawo lalikulu, koma utsi wopumidwa zaka ndi zaka umathira nkhuni pamoto womwewo.

Mwaye umene mumauona umakodwa m'mphuno, n'chifukwa chake mamina amada mukachoka pa uvuni. Choopsa ndi tinthu tosaoneka totchedwa PM2.5, tochepa kuwirikiza pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timatsika mpaka ku timatumba ta mpweya ta m'mapapo, ndipo tochepetsetsa timalowa m'magazi. Thupi limatiyesa adani n'kumalimbana nato usana ndi usiku. Nkhondo yosathayi imachititsa kuti minofu, chiwindi ndi mafuta a m'thupi zisiye kumvera insulini, amene kapamba amatulutsa kuti shuga achoke m'magazi alowe m'minofu. Kapamba amawirikiza ntchito, pakapita zaka amatopa, shuga n'kumangosefukira m'magazi. Munthu wowonda zimamuchitikiranso.

Umboni ulipo. Mu 2018 magazini ya Lancet Planetary Health inafalitsa kafukufuku wa asilikali opuma pafupifupi 1.7 miliyoni a ku America, ndipo ofufuzawo anawerengera kuti mu 2016 mokha anthu 3.2 miliyoni padziko lonse anadwala shuga chifukwa cha mpweya woipa wa panja. Kafukufuku wina wa mu 2022 anaphatikizapo utsi wa m'khitchini, n'kupeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a vuto la shuga ya mtundu wachiwiri limachokera ku PM2.5. Bungwe la WHO mu 2021 linatsitsa mlingo wovomerezeka wa PM2.5 kufika pa mamaikulogalamu 5 pa kiyubiki mita ya mpweya pachaka, ndipo limati m'nyumba yosalowa mphepo utsi ungapyole mlingo woyenera ka 100. Mayi wophika pa mafuwa m'mawa, n'kukaweramira uvuni wa nsomba masana onse, ali pamalo oipa kuposa wokhala m'mphepete mwa msewu wa m'tauni.

Sitinganene kuti siyani geni, chifukwa ndi imene ikudyetsa ana. Chofunika ndi kuchepetsa maola amene nkhope ili mu utsi.

Yambirani pa nkhuni. Zaziwisi ndi zonyowa zimafuka kwambiri chifukwa moto umayamba watha mphamvu kuumitsa madzi. Ziwazeni, muzisanjike pamwamba osati padothi, ziume. Musayatsire majumbo, zidutswa za ukonde wakale kapena mphira. Utsi wake uli ndi poizoni ndipo umakakamiranso pa nsomba zimene mukagulitse. Utsi umachuluka moto ukamayaka kumene, ndiye yatsani n'kutalikira mpaka ukolere. Potembenuza nsomba, nyamulani waya wonse mukatembenuzire pambali, osati mutaweramira pamoto. Imani kumene mphepo ikuchokera: nyengo ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, khalani chakummwera kwa uvuni, mpoto ukayamba musinthe. Uvuni wa Chorkor, wosanjikiza mathireyi, umadya nkhuni zochepa pa nsomba zochuluka. Usipa, dzuwa likakhalapo, yanikani pathandala.

Kukhitchini, phikirani panja kukakhala kulibe mvula. M'kati muboole mawindo awiri oyang'anizana ndipo musiye mpata pakati pa khoma ndi denga, chifukwa zenera limodzi utsi umangozungulira. Chitetezo mbaula imapulumutsa nkhuni, koma musaidalire yokha. Kafukufuku wamkulu wa ku Chikwawa ndi Karonga anapeza kuti ngakhale mbaula zamakono zokhala ndi fani sizinachepetse chibayo mwa ana. Munthu amapuma utsi wa malo ambiri, wa zinyalala, wa koloboyi, wa mauvuni a njerwa, wa tchire lotenthedwa posaka mbewa. Koloboyi yekhayo mulowetseni m'malo ndi nyali ya sola.

Kumanga chitenje kumphuno kumatchinga phulusa basi, PM2.5 imadutsa. Masiki ya N95 imathandiza ikakhala yothina bwino pamphuno ndi m'masaya, koma ikanyowa ndi thukuta kapena kuda isintheni.

Inunso mayi kayezetseni, popeza shuga ili m'banja ndipo mwina mumapuma utsi womwewo. Pitani m'mawa musanadye kanthu kwa maola 8. Madzi okha mungamwe. Makina akawerenga 7.0 kapena kuposa (ena amalemba 126), adzakuyezaninso tsiku lina kuti atsimikize. Pakati pa 6.1 ndi 6.9 ndiye kuti muli pakhomo pa matendawa. Musadikire ludzu losatha, kukodzakodza usiku, kuwonda kapena zilonda zosapola, chifukwa shuga imatha zaka ili chete. Mayi anu apitirize mankhwala monga anawauzira kuchipatala ngakhale atachoka pa utsi, ndipo azivala nsapato akamagwira ntchito pafupi ndi makala, poti mapazi a wodwala shuga amatha kupsa mwini wake osamva.