Usanati "Onerani", Yamba Waganiza Amene Akhale Nawe M'nyumba

Mdzukulu wina wa ku Kapata, mtsikana wa Giredi 12, wandifunsa nkhani yomwe yamusowetsa mtendere. Mnzake anamutamira filimu ina, iye osayamba waionera n'kuiika pa TV madzulo, atate ake, amayi ake ndi mlongo wake ali pompo. Pakati pa filimuyo panatuluka zakuchipinda. Atate anadzuka n'kutuluka panja osanena kanthu, amayi analowa kukhichini, ndipo mpaka lero m'nyumbamo anthu akuyang'anana mwamanyazi. Funso lake n'lakuti, "Agogo, ndinalakwa chiyani? Si ine ndinajambula."

Zoona mdzukulu wanga, sunajambule ndiwe, koma ndiwe unaitana anthu kuti akhale pansi aonere. Kwathu kuno pali zinthu zimene tate ndi mwana wake wamkazi sangazione pamodzi, chimodzimodzi munthu ndi mlongo wake, kapena mkamwini ndi apongozi ake. Za m'banja zili ndi malo ake ndiponso eni ake, anamkungwi. Atate ako potuluka paja anakusungira ulemu. Pita kwa amayi ako ukapepese, iwo akafikitse mawu kwa atate. Iweyo ukangogwada n'kunena kuti "pepani atate, sindinadziwe", basi. Usakayambenso kufotokoza zomwe zinaoneka.

Mnzako uja nayenso sanakuchitire bwino. Ana inu mukatuluka mu filimu mumangoti "ndi yabwino, usaiphonye", mawu n'kuthera pomwepo. Munthu akakufunsa za filimu, muuze nkhani yake mwachidule, chimene chakugwira mtima, ndiponso amene angaonere naye. Mapeto okha usaulule, umenewo ndi umbava wa chisangalalo cha mnzako.

Tenga filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019, imene Chiwetel Ejiofor anatsogolera n'kuseweramonso ngati tate wa mnyamatayo. Ndi nkhani yeniyeni ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, n'kumawerenga mabuku a mu laibulale mpaka anapanga makina oyendera mphepo ndi zidutswa za njinga ya atate ake. Imeneyo ungaionere ndi banja lonse. Koma ndikanakhala ine ndikuuza mnzanga, ndikanawonjeza kuti muli njala ya 2001 ndi 2002, ndipo njala imeneyo sinaime pa malire a Mwami, kuno ku Zambia nakonso inatipweteka. Pamene mu filimu banja layamba kudya kamodzi patsiku, mwana amangoona sewero, koma gogo amene anagawapo kamtanda kamodzi ka nsima pakati pa ana asanu amatsitsa mutu. Mudziwitseni asanakhale pansi. Mulinso gule wamkulu, ndiye pamenepo pakamwa pazisamala. Amene mumapita ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti mukudziwa kuti za kudambwe sizikambidwa pabwalo, ndipo kuonekera pa TV sikuzisandutsa nkhani yoseweretsa.

Ndamvanso anyamata akuseka Chichewa cha Ejiofor. Inde lilime lake limalemera, khutu la Mchewa limamva msanga. Kunena zimenezo si kulakwa, koma uwonjeze kuti munthu wobadwira ku London anadzivutitsa kuphunzira chilankhulo chathu pamene akanatha kujambula zonse m'Chingelezi.

Tsono pali mafilimu a Rungano Nyoni, mwana wa Zambia wobadwira ku Lusaka amene anakulira ku Wales. I Am Not a Witch, ya mu 2017, imakamba za kamtsikana kotchedwa Shula komwe akukanamizira ufiti, ndipo inapata mphoto ya mafilimu ya ku Britain ya BAFTA mu 2018. Ina ndi On Becoming a Guinea Fowl, ya mu 2024. Mtsikana apeza mtembo wa amalume ake pamsewu usiku, ndipo maliro ali mkati zimayamba kutuluka zimene malemuyo ankachita kwa ana aakazi a pabanjapo, achikulire akuzidziwa koma ali chete. Imeneyi sindingaiike mwadzidzidzi pamaso pa atate kapena apongozi. Komanso sindikufuna kuti ibisidwe, chifukwa zimenezi zimachitika m'makomo mwathu ndipo ana ambiri avulala ndi mawu akuti "zapabanja sizituluka". Itana amayi ako, azakhali ako ndi ang'ono ako amene atha msinkhu, mutseke chitseko muonere, kenako mukambirane. Amuna nawonso aonere paokha, akufunika kuiona kwambiri.

Unafunsanso ngati ungatsutse wamkulu akayamikira filimu imene iwe sinakusangalatse. Ungathe, bola umudikire amalize. Usamuuze kuti sadziwa mafilimu. Nena kuti, "Amalume, ine paja mayi uja anakhululuka msanga sindinakhutirepo, inu munapaona bwanji?" Ukatero akuyankha, ndipo nthawi zina akuuza zimene zinachitikadi pamudzi wina zofanana ndi zimenezo.

Loweruka likubwerali, ukapepesa kale, pempha atate ako kuti muonere ya Kamkwamba ija. Uyambe waionera wekha masana mpaka kumapeto, kenako uwauze kuti muli njala ndi maliro, asankhe okha ngati akhale.