Gwape anafa bala litamangidwa bwino: madotolo a nyama zakutchire amachita chiyani?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, amene amathandiza alimi kubaya ng'ombe katemera. Akuti anthu anamubweretsera gwape wokodwa mumsampha wa waya. Iye anatsuka bala la pamwendo n'kulimanga, koma kutacha gwapeyo anali atafa. Akufunsa kuti madotolo a ku zoo, malo osungirako nyama zakutchire kuti anthu aziziona, amatani nyama ikavulala kapena kudwala mwadzidzidzi, nanga iyeyo analakwitsa pati.

Achimwene, ine ndikukayika ngati bala ndi limene linapha gwapeyo. Ndikuganizira mantha. Ng'ombe inazolowera dzanja la munthu, koma gwape akagwidwa amaona kuti imfa yafika. Akamaphupha nthawi yaitali anthu atamuunjirira, thupi limatentha kwambiri, minofu n'kuwonongeka. Zotuluka m'minofuyo zimalowa m'magazi n'kukapha impso, mwina mkodzo umachita kuda ngati khofi. Madotolo amautcha capture myopathy vuto limeneli. Nyama ina imafera pomwepo, ina pakapita masiku, ndipo zikayambika n'zovuta kuzibweza.

N'chifukwa chake dotolo wa ku zoo sathamangira kugwira. Amayamba waima patali n'kumaona mmene nyama ikupumira ndi mmene ikupondera, kwinaku akuyerekeza kulemera kwake, poti mlingo wa mankhwala ogonetsa umadalira makilo. Amafunsanso munthu wosesa m'khola, amene anthu ambiri samuwerengera. Nyama yakutchire imabisa matenda kuti adani asaione kufooka, choncho chimene timati chadzidzidzi nthawi zambiri chinayamba kale. Wosesayo ndi amene amadziwa kuti chakudya chakhala chikutsala, kapena kuti ndowe zasintha.

Akatsimikiza zogonetsa, aliyense amadziwiratu ntchito yake: uyu mfuti ya jakisoni, uyu kuwerenga mpweya, uyo kulemba nthawi, wina pachitseko. Mankhwala ogonetsera njovu ndi zipembere, etorphine amene ambiri amangoti M99, ndi oopsa moti kadontho kangathe kupha munthu. Dotolo asanawakhudze amayamba wakonzeratu mankhwala otsitsimutsira munthu ngati ngozi itachitika, ndipo sagwira ntchitoyi ali yekha.

Nyama ikangogwa amaiphimba m'maso ndi nsalu, thonje m'makutu, anthu onse chete. Kagonekedwe nakonso kangaphe. Nyama zobzikula monga gwape, nswala ndi njati amazigwaditsa chifuwa pansi, mutu m'mwamba pang'ono koma kukamwa kutaloza pansi, kuti mimba isafufume ndiponso zam'mimba zisalowe m'mapapo. Njovu ndi zosiyana. Iyo imayenera kugona cham'mbali, chifukwa ikagonera chifuwa imalephera kupuma, ndipo kunsonga kwa chitamba amaikako kamtengo kuti kusatsekeke.

Ndiye pali dzuwa lathuli. Inu a ku Angónia muli pozizira, koma kumunsi kwa Zambezi, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Nyama yogonetsedwa imalephera kudziziziritsa, motero ngati n'kotheka ntchito yotere amaigwira m'mamawa, zigubu za madzi zili pafupi zothira pathupi, njovu makamaka kumakutu.

Kuno kwathu luso limeneli limafunika kwambiri kutchire, monga ku Parque Nacional de Mágoè, paki imene inakhazikitsidwa mu 2013 m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa. Waya wotchera gwape sasankha, amadula mwendo wa mkango ngakhale chitamba cha njovu. Ulenje wa waya ine ndimadana nawo, chifukwa nyama imatha masiku ikuvutika wotcherayo atakhala kunyumba.

Tsono anthu akadzakubweretserani nyama ina, yambani ndi kubalalitsa ana ndi agalu. Iikeni pamthunzi, m'bokosi kapena m'chipinda cha mdima molowa mpweya. Musaithire madzi kukamwa mokakamiza, angalowe m'mapapo. Kenako dziwitsani a SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi chuma kuboma kwanu, kapena afisikali, alonda a nyama zakutchire a bungwe loyang'anira mapaki la ANAC, chifukwa kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu. Ngati ndi ngaka, musavutike n'kuipatsa gaga kapena masamba, iyo imadya nyerere ndi chiswe basi. Ku paki ya Gorongosa kuli malo osamalira ngaka zolandidwa kwa ozembetsa, ndipo afisikali ndi amene angaone kopita nayo.

Zina si zogwira n'komwe. Mukapeza mvuu kapena njati yafa yokha, magazi akuda akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo, musasende ndipo letsani anthu kugawana nyamayo. Kungakhale kuti ndi anthrax, nthenda yoopsa ya nyama yogwiranso anthu, imene inadwalitsa anthu ambiri ku Zambia mu 2023. Nkhandwe yoyenda masana pakhomo mopanda mantha muziikayikira chiwewe. Ikaluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo kukabayitsa katemera.