Funsani Azakhali: Tikufuna thumba la fizi m'dzina la malemu bambo athu

FUNSO: Azakhali, ine ndimakhala ku South Bend ku Indiana, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Bambo athu anatisiya chaka chatha, anali mphunzitsi wa pulayimale kwathu ku Ntcheu moyo wawo wonse. Ana awo tinagwirizana kuti chiliza chokha sichikukwana, tipangeko kena kake kothandiza ana a sukulu m'dzina lawo, ndiye tasonkherana $12,000. Mnzanga wakuntchito akuti ndipite ku community foundation ya kuno akatitsegulire endowment fund, eti ndalamazo sizidzatha mpaka kalekale. Achimwene athu aakulu akuti imeneyo ndi njira yotibera basi, ndalama yosatha inaoneka kuti. Zoona zake ndi ziti? Nanga ana a kwathu kuphatikizapo a mng'ono wanga amene akuvutika fizi angapindule nawo? Mayi wa ku South Bend.

YANKHO: Pepani ndi zovutazo achemwali, ndipo mwaganiza bwino, mphunzitsi amakumbukiridwa ndi ana amene aphunzira. Achimwenewo auzeni mtima ukhale pansi, si zakuba ayi, koma nawonso musawaseke chifukwa pali zina zimene mnzanuyo sanakuuzeni ndipo mukazimva mwina muganiza kawiri.

Community foundation ndi bungwe la m'dera limodzi, mzinda kapena county (ngati boma kwathu kuno), limene limasunga timatumba tambirimbiri ta anthu osiyanasiyana pamalo amodzi. Wina watsegula thumba m'dzina la mkazi wake, wina la sukulu imene anaphunzira, wina lothandiza laibulale, onsewo ndalama zawo amaziphatikiza n'kuziika m'masheya ndi mwina mobweretsa phindu, koma thumba lililonse limakhala ndi dzina lake ndi kaundula wake. Yoyamba inayambika ku Cleveland ku Ohio m'chaka cha 1914, anaiyambitsa ndi Frederick Goff, loya amenenso anali mkulu wa banki, ndipo lero ku America alipo mazanamazana. Inu muli pamalo pamene zinthuzi zinazika mizu kwambiri chifukwa bungwe la Lilly Endowment la ku Indianapolis kuyambira 1990 lakhala likuthira ndalama kuti mabungwe oterewa afalikire mu Indiana monse, moti ku South Bend komweko kuli Community Foundation of St. Joseph County.

Za ndalama yosathayo, palibe matsenga. Ndi ngati ng'ombe yamkaka, mumakama koma simuipha. Mpamba umene mwapereka sautapa, umakhala uli m'masheya momwemo, chimene amatulutsa chaka ndi chaka ndi kagawo kochepa, mabungwe ambiri amatenga 4 kapena 5 pa 100 iliyonse, ndipo pamwamba pake amadulapo yawo yoyendetsera ofesi, kawirikawiri 1 kapena 2 pa 100. Phindu likaposa pamenepo lotsalalo limabwerera m'thumba kuti likule, chaka chimene masheya agwa thumba nalonso limaphwa, palibe amene angakulonjezeni kuti lizingokwera. Ndiye tiyeni tiwerengere limodzi, $12,000 yanuyo pa 4 pa 100 ikutulutsa $480 pachaka. Basi. Osati $12,000, koma $480, chaka chino, chaka chamawa, mpaka zidzukulu zanu zidzakalambe. Ku America ndalama imeneyo mwana wa ku koleji agulira mabuku n'kutha. Komanso mabungwewa amakhala ndi mlingo woyambira, ena $10,000 ena $25,000, ndipo thumba la sikolashipu nthawi zambiri amalikwezera mlingo poti lili ndi chintchito, kulengeza, kulandira mafomu, kusankha, kulondoloza mwana ngati akadali pasukulu. Ena amalola kuti muziponyamo pang'onopang'ono kwa zaka zingapo mpaka mufike pa mlingowo, mukafunse.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna achimwene anu atchere khutu. Mukasaina n'kupereka, ndalama ija si yanunso. Sibwerera. Olo mawa mudwale, olo kumudzi kugwe maliro, olo mukangane pachibale, simungapite kukanena kuti tibwezereniko theka, bungwe ndiye mwini wake, inu mwatsala ndi dzina la bambo pa thumbapo ndi mfundo zimene munalemba pa pepala la mgwirizano. Ndipo m'pepalamo mumakhala mawu opatsa bodi ya bungwelo mphamvu yosintha cholinga cha thumba ngati cholingacho chatha ntchito, mwachitsanzo sukulu imene munatchula yatsekedwa. Goff uja anachita dala zimenezi, ankaona chuma cha anthu akufa chitamangika pa zolinga zimene palibenso akuzifuna. Ine ndimaona kuti ndi nzeru, koma muwerenge ndimeyo musanasaine kuti isadzakudzidzimutseni.

Za ana a mng'ono wanu, iwalani. Malamulo a msonkho a ku America salola kuti munthu upereke chachifundo, boma likuchotsere msonkho, kenako ndalamayo ikalipire fizi mwana wa m'banja mwako momwemo. Kuyambira 2006 malamulo anakhwima, wopereka ndi abale ake angathe kukhala nawo m'komiti yosankha ana koma asakhale ochuluka kuposa anthu ena m'komitimo, komitiyo amaisankha ndi abungwe, ndipo cheke chimapita kusukulu osati m'manja mwa mwana kapena makolo. Kwathu kuno zimenezi zimamveka nkhanza, paja timati ukapeza uyambe wayang'ana pakhomo, koma kunena zoona lamuloli limakutchinjirizani inu nomwe, azakhali a kumudzi akaimba foni kuti mwana wanga bwanji simunamuikemo mumangoti si ine ndimasankha.

Vuto lalikulu ndi la Ntcheu. Dzina lenilenilo likunena kale, bungwe la m'dera, ntchito yake ndi kuthandiza anthu a m'dera lomwelo. Kutumiza ndalama kunja kwa America kuli ndi mapepala ake ovuta, ayenera kufufuza amene akulandira n'kumalandira malipoti a mmene ndalama yayendera, ndiye mabungwe ang'onoang'ono ambiri safuna n'komwe kuyamba. Ena amalola ngati ndalamayo ikudzera ku bungwe lolembetsedwa ku America limene likugwira ntchito ku Malawi, monga CAMFED imene imalipirira atsikana fizi, koma pamenepo simungaloze kuti sukulu yakuti mwana wakuti. Funso loyamba mukalowa mu ofesimo likhale lomweli, kodi thumbali lingalipire mwana wa ku Malawi? Akayamba kuzungulira dziwani kuti yankho ndi ayi.

Mukanandifunsa ine ndikanati pa ndalama imene muli nayoyi musathamangire endowment. Bambo anu anaphunzitsa ku Ntcheu osati ku Indiana. Kambiranani ndi ahedi a CDSS ya kwanuko pamodzi ndi komiti ya makolo, lembani mfundo zosankhira ana papepala, munthu wa m'banja mwanu akhalemo mmodzi yekha, ndalama muzisunga m'madola komweko n'kumatumiza teremu ndi teremu ku akaunti ya sukulu, risiti ndi sukulu ripoti azikujambulirani pa WhatsApp. Ndipo musaone fizi yokha, mwana amasiyira sukulu yunifomu, nsapato, mtsikana mapadi, wochokera kutali njinga. Mukamutenga mwana mu Fomu 1 mumufikitse Fomu 4, kusiyira panjira kumawawa kuposa kusayamba. Dziwani chabe kuti ndalama yotumiza mwanjira imeneyi boma la America silikuchotserani msonkho. Ana a mng'ono wanuwo muwathandize ndi ndalama ina yapadera, musasakanize.

Kenanso, poti muli komweko, ngati muli ndi ana amene akumaliza high school auzeni akaone masikolashipu a ku foundation imeneyo, ambiri amalembera pa fomu imodzi, ndipo Lilly ili ndi yake imene imalipira fizi yonse zaka zinayi pa koleji ya mu Indiana. Angoonetsetsa zoyenereza zake, zina zimafuna mapepala a unzika.

FUNSO: Ife ndi gulu la amene tinaphunzira sekondale imodzi, tikufuna tiike ndalama ku fixed deposit kuti chiwongola dzanja chizilipirira ana ovutika mpaka muyaya. Zingatheke kuno ku Malawi? Bambo wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Maganizo ake ndi omwewo achimwene, ndipo kuno si achilendo. Press Trust imene anakhazikitsa Kamuzu Banda mu 1982, Nyumba ya Malamulo n'kuikonzanso mu 1995, imayenda chonchi, ili ndi masheya ambiri mu Press Corporation ndipo phindu lake ndi limene imamangira sukulu ndi zipatala. Koma iwo ali ndi masheya m'makampani, inu mukunena kwacha yogona ku banki, ndipo mukukumbuka kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu May 2022 kenako 44 pa 100 mu November 2023. Mukamadya chiwongola dzanja chonse chaka chilichonse, nambala ya m'buku ikhala yomweyo koma pakatha zaka zochepa sigulanso olo theka la zimene imagula lero. Ndiye gawo lina la chiwongola dzanjacho lizibwerera ku mpamba, musonkhe chaka chilichonse osati kamodzi, ndipo funsani kwa ogulitsa masheya a pa Malawi Stock Exchange kuti ina mukaike kumeneko. Musanatolere ndi tambala yomwe, lembetsani gulu lanu ngati trust, akaunti ikhale m'dzina la gulu osati la msungichuma, osainira akhale atatu, ndipo sitetimenti ya ku banki iziponyedwa pa gulu mwezi uliwonse aliyense aione.