Galimoto munaikweza, nanga ma shock munayeza?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Chitakale. Achimwene ena alemba kuti: "Hilux yanga ya 2008 ndinaikweza ndi mamilimita 50 kuti isamakhule pansi m'misewu ya m'minda ya tiyi. Chaka chino chokha ndasintha ma shock akumbuyo kawiri, onse akudontha oyilo, ndipo tayala likagwera m'dzenje pamamveka gu! Ndigule a kampani iti?"

Achimwene, za kampani tiziike kaye pambali. Gu ameneyo akukuuzani kuti ma shock anu ndi aafupi. Munakweza galimoto koma mukugulabe a msinkhu wakale, ndiye ngakhale galimoto itangoima amakhala atatambasuka kale. Tayala likatsikira m'dzenje, shock imafika pothera n'kukokedwa mwamphamvu ngati chingwe cha mbuzi. Zikachitika kambirimbiri, seal, labala wotsekera oyilo mkati, imatha, oyilo n'kuyamba kutuluka.

Inenso zinandionekerapo. Ndinagula awiri pa shopu ina ku Limbe, wogulitsa atalumbira kuti "awa ndi a Hilux, bwana". Sananame, anali a Hilux yosakwezedwa. Ndikutsika ku Thekerani ndinaima n'kusuzumira pansi: imodzi inali itanyowa mpaka pansi, fumbi lofiira litamatirira ngati phala, bushi ya m'munsi, labala wozungulira bawuti, itang'ambika pakati.

Tsono yezani musanatulutse ndalama. Masulani shock, ikani jeke pa chasisi, mukweze mpaka tayala lilendewere, muyeze kuchokera pa bawuti ya pamwamba kufika ya pansi. Shock yatsopano ikatambasuka yonse ifike pamenepo. Muyezenso mpata umene ungatsale pakati pa mabawuti awiriwo ekiselo itakwera mpaka kugunda labala amene amaiimitsa kuti isagunde chasisi. Shock ikapanikizidwa yonse ikhale yaifupi kuposa mpata umenewo, apo ayi ndi iyo imene izilandira nkhonya yonse mukanyamula matumba a chimanga. Yaitali kwambiri imafanso msanga ngati yaifupi. Tayala lili lende choncho, yang'anani paipi ya mabuleki. Ikakhala yokokeka, muikepo yaitali.

Mtundu tsopano. Msewu wafumbi wa mizeremizere ngati malata umatenthetsa oyilo wa mu shock mpaka achite thovu, galimoto n'kuyamba kuvina. A monotube, monga Bilstein 5100, amataya kutentha msanga chifukwa ali ndi chubu chimodzi, koma mwala ukachiphwanya basi yatha. Old Man Emu ndi Ironman 4x4 a ku Australia amapanga ma shock oyenderana ndi galimoto zokwezedwa mamilimita 50. Ndi odula, inde, koma werengani zimene mwataya kale chaka chino. A kaunjika ine ayi, simudziwa kuti anayenda mtunda wanji.

Sinthani awiri nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere, pamodzi ndi mabushi. Mabawuti muwamange komaliza galimoto itatsika pa jeke, itaima pa matayala ake, kuti labala asapotoke. Amakaniko ambiri amathamangira kumanga ili m'mwamba, muwauze.

Kutsogolo samalani. Pa Hilux ya chaka chimenecho sipuling'i inazungulira shock, ndipo imafuna chida chopanikizira. Mukaona makaniko akutenga waya kapena chingwe kuti amange sipuling'i, tengani makiyi anu muzipita. Mukasintha akutsogolowo, kapangitseni alayimenti musanapite ulendo wautali.