Mwana wabwereza sitandade 3 kawiri, kodi ndingomusiyitsa sukulu?

Mayi wina wa ku Dedza wandilembera kuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 11 wabwereza sitandade 3 kawiri, kuwerenga sakutha, aphunzitsi akuti ndi waulesi komanso samvera akamayankhulidwa, anzake amamuseka, ndipo bambo ake atopa akuti angosiya azikathandiza kudimba. Kumapeto kwenikweni anangowonjezera kuti ali wamng'ono ankatuluka mafinya mkhutu nthawi yaitali.

Amayi, musamusiyitse kaye mwanayo chonde. Mu uthenga wanu wonse chomwe chandiimitsa ndi nkhani ya mafinyayo, imene mwailemba ngati yaing'ono. Khutu likamatuluka mafinya kwa miyezi osachizidwa bwinobwino limatha kuwonongeka mkati, mwana nkumamva koma mwapatalipatali ngati wailesi yomwe mabatire akutha. Malungo aakulu aja okomola komanso matenda oumitsa khosi nawonso amatha kusiya vuto lomweli. Nde mwana wotere kunyumba simungamudziwe msanga chifukwa mumamuyankhula muli pafupi akukuyang'anani pakamwa, koma mkalasi ya ana oposa 100, ena akulongolola, iye wakhala pansi kumbuyo kwenikweni poti ndi wamtali kuposa anzake, aphunzitsi akuyankhula atayang'ana ku bolodi, palibe chomwe akutolapo.

Ndili mphunzitsi ndinali ndi kamtsikana kena kotere. Kope lake linali laukhondo kwabasi, chilichonse cholembedwa pa bolodi amakopera bwinobwino, koma ndikanena kuti tsekani makope ndikuyitanireni mawu mulembe, amangogwira pensulo nkumasuzumira kwa mnzake. Ndinamukalipira kangapo kuti amaonera, mpaka lero zimandiwawa. Tsiku lina ndinamuyitana dzina ndili kumbuyo kwake kawiri konse osatembenuka, mnzake nkuchita kumugwira paphewa. Apa mpamene ndinazindikira kuti mwanayu sanali wamwano, samandimva.

Inunso yesani madzulo ano. Zimitsani wailesi, imani kumbuyo kwake mapazi angapo, mumuyitane ndi mawu wamba osakuwa, kenako mbali inayo. Onaninso ngati amapendeketsa mutu kuti khutu limodzi liloze kwa woyankhula, kapena amangoti "ee?" pafupipafupi. Koma olo atembenuke musakhutire nazo, tengani buku lake la kuchipatala mupite naye, mukanene za mafinyazo ndipo mupemphe kuti amuyeze makutu ndi maso omwe. Akalephera pachipatala chaching'ono akutumizani ku chipatala cha boma chachikulu. Zoyeza kamvedwe ndi makina zimachitika ku Queens ku Blantyre komanso ku kiliniki ya makutu ya ABC ku Lilongwe, inu ku Lilongwe nkomwe kuli pafupi.

Mukachoka kuchipatala pitani kwa ahedi, osati kukakangana ndi mphunzitsi wa mkalasi ayi, iyenso ali ndi chigulu cha ana ndipo mwina sanaphunzitsidwe mokwanira za ana otere. Mukanene kuti mukufuna mwana aonedwe ndi mphunzitsi wa special needs, uja wophunzitsa ana ofunika thandizo lapadera. Aphunzitsi amenewa alipo, ambiri anaphunzira ku Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ena anaphunzira za ana osaona, ena za osamva, ena za ana ovutika kugwira maphunziro. Vuto ndi loti ndi ochepa, nde ena amakhala pa resource centre, chipinda chothandizira ana otere chomwe chili pa sukulu imodzi, ena amayendera masukulu angapo. Ahedi akakuuzani kuti pano tilibe, musabwerere kunyumba ndi yankho limenelo, funsani kuti a PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale a mu zoni yanu, amapezeka liti ku ofesi yawo ya ku TDC, mukawaone. Zikakanika pamenepo ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu kumakhala woyang'anira nkhani za ana amenewa. Ngati mukuopa kupita nokha tengani mayi mmodzi wa Mother Group, amayi aja ahedi amawamvera. Kulinso bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM, makolo anzanu omwe anadutsa njira yomweyi.

Pali zina zosafuna ndalama zomwe mungapemphe mawa lomwe. Akhale kutsogolo, khutu lomwe limamva bwino liloze kwa aphunzitsi. Aphunzitsi aziyankhula atamuyang'ana, ndipo ntchito yakunyumba azilemba pa bolodi mmalo mongoyitanira. Ampatse mnzake wodekha wokhala naye pafupi. Zazing'ono ngati izi ndaona zikusintha mwana mu teremu imodzi.

Mwina wina akuuzani kuti mungomupititsa ku Mua, poti sukulu ya ana osamva ija ili m'boma lanu lomwelo. Ndi sukulu yothandiza kwambiri kwa mwana amene samva ndithu ndipo akufunika chiyankhulo cha manja, monganso Mary View ku Nguludi kapena Embangweni ku Mzimba. Koma musathamangire asanayezedwe. Mwana womva pang'ono nthawi zambiri amatha kupitiriza pa sukulu ya pamudzi pomwepo akugona pakhomo pa amayi ake, bola athandizidwe.

Nanga akapezeka kuti makutu ndi maso zili bwino? Nde mphunzitsi wa special needs uja akufunikabe, chifukwa pali ana anzeru ndithu pokamba ndi pa ntchito zamanja koma zilembo zimawasokonekera, b amamuona ngati d, "bala" nkuwerenga "dala", lero wagwira mawa wayiwala. Ameneyo ndodo siimuthandiza, amafunika kumuphunzitsa maphatikizo pang'onopang'ono mobwerezabwereza, mwina pa mchenga ndi chala. Onaninso ngati amapita ku sukulu atadya kanthu, njala nayo imagonetsa ana mkalasi.

Bambo akewo auzeni mofatsa kuti pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la anthu olumala lomwe linakhazikitsidwa mu 2012 linaletsa kukaniza mwana maphunziro chifukwa cha ulumali. Auzeninso kuti akadzafika sitandade 8, a MANEB amakonza mayeso a zilembo zikuluzikulu, a braille, komanso nthawi yowonjezera kwa ana ofunika thandizo lapadera, kungoti sukulu iyenera kunena nthawi yolembetsa mayina, osati tsiku la mayeso. Nchifukwa chake kalata iliyonse ya kuchipatala muisunge bwino mu pulasitiki, ahedi muwapatse fotokope, yeniyeniyo ikhale ndi inu.

Ndipo mwanayo mumuuze kuti mukupita naye kuchipatala kukaonetsa makutu, osati chifukwa walakwa. Akayezedwa mundilemberenso zomwe adokotala anena, tidzaone kuti kwa a PEA mukalankhule zotani.